Chenjezo kwa Amene Akusewera ndi Bowa Wofiira wa Mawanga Oyera

Ana inu, makamaka amene muli kunja ku Britain, ku America ndi ku Joni, ndamva kuti ena mwa inu mwayamba kutamanda bowa woledzeretsa wotchedwa Amanita muscaria, ati chifukwa ndi wachilengedwe ndipo amakhazika mtima pansi. Khalidwe limeneli ndi lopanda nzeru, ndipo ndikukudzudzulani poyera chifukwa wina akapanda kutero tidzakumana pamaliro.

Bowa ameneyu ndi wokongola, ndipo kukongolako ndiko kumanyenga anthu. Kumutu kwake ndi kofiira, kokhala ndi mawanga oyera ngati njerewere, kunsi kwake ndi koyera, pathunthu pake pali mphete, ndipo tsinde lake ndi lotupa. Kwawo kwenikweni ndi ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto kwa America, kumene amamera pansi pa mitengo ya birch ndi paini, koma anafika kummwera kwa Africa pamodzi ndi mbande za paini, moti lero amapezeka m'nkhalango zodzala za ku South Africa, ku Zimbabwe ndi ku Tanzania. Mvula yamphamvu imatsuka mawanga aja, mtundu wofiirawo nkumazirala, ndipo pamenepo munthu wosadziwa amamuyesa bowa wodyedwa. Pajatu ndi wa banja limodzi ndi ndelema amene timadya m'dzinja, choncho amayi amene mumatuma ana kukazula bowa m'mapaini opanda wamkulu wowayang'anira, mlanduwu ukukukhudzaninso.

M'bowayu muli ziphe ziwiri, ibotenic acid ndi muscimol, zimene zimapita ku ubongo. Pakadutsa mphindi 30 mpaka maola 2 chidyereni, munthu amayamba nseru ndi chizungulire, miyendo imalefuka, minofu imanjenjemera yokha, ndipo zinthu zimene akuziona zimaoneka zazikulu kapena zazing'ono kuposa mmene zilili. Ena amalankhula zosamveka ndi kuchita ndewu ndi anthu amene akuwathandiza, kenako amagwa m'tulo tofa nato moti kuwagwedeza sikuwadzutsa, ndipo podzuka mawa lake sakumbukira chilichonse. Ana aang'ono amatha kukomoka ndi kuphupha ngati odwala khunyu. Zoona, ambiri amachira pakatha tsiku limodzi, koma munthu amene wagona chagada ali chikomokere nkusanza, masanziwo amalowa m'mapapo ndi kumutsamwitsa. Kodi mnzanu amene naye waledzera ndi bowa yemweyo ndi amene adzakutembenuzeni?

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi bodza lakuti pali muyeso wabwino. Mphamvu ya chiphe imasiyana malinga ndi nyengo, malo, ngakhalenso pakati pa bowa awiri omera moyandikana, ndipo kuyanika sikumuchotsa ululu, koma kumasandutsa gawo la ibotenic acid kukhala muscimol. Amene anadya dzulo nkungoseka akhoza kudya wochepa lero nkudzukira m'chipatala. M'chaka cha 1897 ku Washington, bambo wina wa ku Italy, Achilles de Vecchi, amene ankadzitenga kuti amadziwa bowa, anadya ameneyu pomuyesa wodyedwa wa kwawo, ndipo anamwalira. Safunsa anadya phula.

Mudzandiuza kuti anthu a mtundu wa Koryak ku Siberia akhala akumudya pa miyambo yawo kuyambira kalekale. Izo ndi zoona, koma iwo anali ndi akuluakulu odziwa mwambowo, pamene inu mphunzitsi wanu ndi kanema wa pa TikTok ndi wamalonda amene akufuna ndalama zanu. M'chaka cha 2024 ku America, maswiti ndi chokoleti za bowa zotchedwa Diamond Shruumz zinachotsedwa pamsika chifukwa chodwalitsa anthu; onse amene anadwala anaposa 100, ambiri nkugonekedwa m'chipatala, ndipo mwa zinthu zimene zinapezeka mu zina mwa izo munali muscimol. Kumapeto kwa chaka chomwecho bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, linalengeza kuti bowayu saloledwa kuikidwa m'zakudya.

Palinso choopsa china chimene okonda kuzula okha amachinyalanyaza. M'banja lomweli muli Amanita phalloides, amene amawononga chiwindi mwakachetechete, zizindikiro zake nkuyamba patatha maola 6 kapena kuposerapo, ndipo iyeyu amapha ndithu. Nayenso anafika kale ku South Africa.

Wina akadya bowa wokayikitsa, musadikire kuti muone mmene zithere, ndipo musabise chifukwa choopa manyazi kapena makolo. Musamumwetse mowa, mkaka kapena mankhwala azitsamba, ndipo musamukakamize kusanza ngati wayamba kusinza. Mugonekeni chammbali, muthamangire naye kuchipatala, mutenge bowa wotsala kapena ndiwo zimene zatsala mumphika kuti madokotala aone, ndipo muwauze nthawi imene anadya komanso anthu ena onse amene anadya naye limodzi.