Chibwalo cha Aroma chikufunanji pamanda a mafumu a ku Madagascar?

Ndakwiya ndipo sindibisa. Wina waika pa Facebook chithunzi cha bwalo la konkire limene anamanga mkati mwa Rova ku Antananarivo, likulu la Madagascar, n'kumaliyamikira kuti n'chitukuko. Chitukuko chake chiti, abale anga? Kuthira simenti n'kuimika chibwalo chonga cha Aroma akale pafupi ndi pamene agona mafumu?

Pamalo paja si pabwalo lamasewera ayi. Rova ndi mpanda wa mafumu a Amerina, mtundu wa anthu a m'dera la Imerina, pamwamba pa phiri la Analamanga, pomwe mfumu Andrianjaka inakhazikitsa likulu lake cha m'ma 1610. M'menemo muli manda a mafumu ndi mafumukazi. M'menemo muli Manjakamiadana, nyumba yaikulu yamatabwa imene Jean Laborde wa ku France anamangira mfumukazi Ranavalona I cha m'ma 1840, yokhala ndi mzati umodzi wautali pakati wochirikiza denga lonse. Patapita zaka pafupifupi 30, James Cameron wa ku Scotland anaikuta ndi khoma lamiyala. Usiku wa pa 6 Novembala 1995 moto unanyeketsa pafupifupi chilichonse chamatabwa mumpandamo, pa Manjakamiadana n'kungotsala chigoba chamiyala chija. Anthu analira ngati maliro, chifukwa analidi maliro.

Ndiye malo oti apsa chonchi, malo oti mtundu wonse unkadikira kuti abwezeretsedwe monga analili, boma la pulezidenti Andry Rajoelina mu 2020 linaona chanzeru n'kumangapo Kianja Masoandro, bwalo lozungulira lotengera la ku Rome. Akuti n'zokopera alendo, akuti n'zokondwerera zaka 60 za ufulu. Zifukwazo zisungeni. Antananarivo yonse inasowa malo ena? Pamanda sitimangapo bwalo la zisudzo. Ngakhale mwana wamng'ono kumudzi amadziwa kuti kumanda timapitako mwaulemu, ndipo sitikhudzako kanthu eni mbumba asanavomere.

Ndikudziwa ena anena kuti nyumba ya mfumukaziyo nayonso inamangidwa ndi azungu, ndiye cholakwika n'chiyani. Musandiputire mkwiyo wina. Laborde ankagwira ntchito molamulidwa ndi mwini mpando, ndipo anatsata kamangidwe ka eni dziko, denga lalitali losongoka ndi mzati wapakati monga zinalili nyumba za akuluakulu a Amerina, kungoti anaikulitsa. Cameron naye anangoiveka miyala, yamatabwa ija ili mkati. Amenewo anawonjezera pa chimene chinalipo. Nanga bwalo la Aroma likuwonjezera pa chiyani? Ndi mfumu iti ya ku Imerina inakhalapo m'bwalo lotere? Palibe! N'chinthu chachilendo choikidwa pamalo osayenera, basi.

Mbumba ya mafumu inakana. Akatswiri a mbiri yakale anakana. A UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe ndi malo akale, nawo anadandaula. Koma simenti inathiridwabe. Inde pachithunzi likuoneka lowala, koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mungalipake utoto wotani, mungaliyatse magetsi angati, lili pamalo olakwika. Linali lolakwika tsiku loyamba ndipo likadali lolakwika lero.

China chondiwawa n'cha dziko la France. Anathamangitsa mfumukazi yomaliza, Ranavalona III, mu 1897, mpaka inakamwalira ku Algeria mu 1917 osaonanso kwawo. Chisoti chimene chinkakhala pamwamba pa chotchinga cha mpando wake chinakathera kunyumba yosungiramo zakale ya asilikali ku Paris. Mu Novembala 2020 anachitumiza ku Antananarivo, koma pa mgwirizano wongosungitsa, ngati kuti mwini wake akadali iwowo. Katundu wa eni ake, wochoka m'nyumba mwawo nthawi ya atsamunda, lero muziwabwereka eni akewo? Manyazi mulibe?