Maphunziro a ufulu wa olumala asamathere m'mahotelo

Abale anga a kuno ku Harare, ndi inu a kumudzi amene mumawerenga tsamba lino, lero mundilole ndilankhulepo za maphunziro amene mayiko ndi mabungwe akunja amathandiza kukonza, ophunzitsa anthu kuteteza ufulu wa anzathu olumala. Maphunzirowa ine ndimawafuna, ndipo ndikufuna achuluke. Chimene chikundiwawa n'chakuti amene ndawaona ine amachitikira m'mahotelo a m'tauni, oitanidwa amakhala omwewomwewo, ndipo munthu amene wolumala amakumana naye m'mawa uliwonse samva n'komwe kuti kunali msonkhano.

Malamulo tili nawo, osanama. Dziko la Zimbabwe linakhazikitsa lamulo la olumala mu 1992, nthawi imene mayiko ambiri muno mu Africa anali asanaganizeko zimenezi. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala linavomerezedwa mu 2006, Malawi analowamo mu 2009, Zimbabwe mu 2013. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 ali ndi ndime 83 yonena za olumala, ndipo ku Senate kuli mipando iwiri ya oimira olumala. Mu 2021 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza ulumali. Ndime 32 ya pangano la United Nations lija imanena poyera kuti mayiko azithandizana, azigawana nzeru ndi maphunziro, ndiponso kuti olumala eni ake azikhala nawo m'ntchito zimenezo. Papepala zonse zili bwino.

Tsopano tiyeni pa siteji ya makombi. Pali bambo wina wa kwathu ku Mabvuku, wosoka nsapato, amene amayenda pa wilutcheya. Ndinamuona ndi maso angawa akudikira kombi yopita m'tauni. Kombi ikaima, hwindi, kondakitala wa kombi uja, amasuzumira, n'kuona wilutcheya, n'kumenya chitseko kuti tiyeni. Yomwe inamulola, anamuuza kuti alipire mipando iwiri, umodzi wake, wina wa wilutcheya. Kenako anyamata awiri anamunyamula osamufunsa kuti agwire pati, wina m'khwapa wina m'miyendo, thalauza n'kutsika pamaso pa anthu. Bamboyo sananene kanthu, anangokoka malaya kuti abise. Ife tonse tinayang'ana kumbali. Anyamata aja sindikuti ndi oipa mtima. Palibe amene anawakhazikapo pansi n'kuwauza kuti wilutcheya ndi miyendo ya munthu, siilipiridwa padera, ndiponso kuti usanamugwire munthu umayamba wamufunsa. Phunziro limeneli silingatenge ngakhale ola limodzi. Nanga bwanji ndalama zonse zobwera kuchokera kunja sizinafikepo kwa hwindi?

Ndiye mfundo yanga ndi imeneyi. Wofunika kuphunzitsidwa koyamba ndi hwindi, nesi wa pa kiliniki, wapolisi wolemba madandaulo, kalaliki wa zitupa, mphunzitsi wa giredi wani, mkulu wa mpingo. Akuluakulu a m'maofesi aphunzira mokwanira, ena mpaka anakwera ndege kukaphunzira ku Geneva. Koma wolumala sakumana ndi dayirekita. Amakumana ndi mlonda wa pageti.

Ndipo wophunzitsa akhale wolumala mwini wake, alipidwe ngati katswiri, osati kumuitana kuti adzapereke umboni kwa mphindi zisanu kenako n'kumujambula chithunzi cha mu lipoti. Dziko lino lili ndi mbiri pa nkhaniyi yoti sitiyenera kuiiwala. Jairos Jiri anayamba ntchito yake yothandiza ndi kuphunzitsa olumala ku Bulawayo mu 1950, atsamunda akadalamulira, wopanda digiri iliyonse. Joshua Malinga, woyenda pa wilutcheya, anakhala meya wa Bulawayo ndiponso anatsogolera bungwe la olumala la dziko lonse lapansi, Disabled Peoples' International. Bungwe la SAFOD, lolumikiza mabungwe a olumala kum'mwera kuno kwa Africa, linayamba mu 1986 ndipo kwa zaka zambiri likulu lake linali ku Bulawayo. Choncho akabwera anzathu ochokera ku Ulaya, abwere podziwa kuti apeza aphunzitsi kale. Iwo abweretse ndalama, zipangizo ndi zimene aona kwawo, koma choko agwire ndi a kuno.

Pali chinthu china chimene anthu saganizira akamva zoti mayiko akugwirizana. Amaganiza za London ndi New York basi. Nanga Lilongwe ndi Harare? Ku Malawi kuli FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a olumala, kuli koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu yophunzitsa aphunzitsi a ana osaona ndi osamva. Kuli APAM, bungwe la anthu achialubino, limene linalimba mtima pa nthawi yoopsa ija anthu achialubino ankaphedwa ndi kufukulidwa m'manda, mpaka katswiri wa United Nations, Ikponwosa Ero, anafika ku Malawi mu 2016. Zimene anthu amenewa anaphunzira pogwira ntchito ndi mafumu ndi apolisi sizipezeka m'buku lililonse la kunja. Kuno nako kuli Danhiko, malo ophunzitsira olumala ku Msasa, sukulu ya osamva ya Emerald Hill, ndi sukulu ya ana olumala ya King George VI ku Bulawayo. Basi yochoka ku Mbare kudzera pa Nyamapanda ndi Tete imakafika ku Blantyre pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi tikiti ya ndege. Bwanji osasinthana aphunzitsi kwa miyezi itatu, wa ku Nguludi abwere kuno, wa kuno apite uko? Mavuto athu ndi ofanana: misewu ya maenje, sukulu za masitepe, makolo obisa mwana m'nyumba poopa kunenedwa kuti anakhwimira.

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa nkhani yobisa ana ili pakati pathu ife Achewa, sitingaikankhire kwa ena. M'mipingo yathu, m'magulu athu a maliro, timadziwa nyumba imene muli mwana amene satuluka. Timati "mwana uja wodwala", chonsecho sakudwala, samva chabe. Amayi ake amanyozedwa ndi apongozi, bambo amathawa. Maphunziro a m'Chingelezi safika m'nyumba imeneyo. Agogo amene akulera mwanayo anakulira pa famu, amalankhula Chichewa ndi Chishona, sukulu sanapite. Malamulo a dziko lino pa ndime 6 amavomereza zinenero 16, ndipo Chichewa chilimo, chinenero cha manja chilimonso. Ndiye si kupempha chifundo tikanena kuti maphunzirowa achitike m'Chichewa ku Tafara, ku Epworth, ku Mufakose ndi m'mafamu, komanso kuti pakhale womasulira wa manja. Dziwaninso kuti chinenero cha manja cha ku Zimbabwe n'chosiyana ndi cha ku Malawi, n'chosiyananso ndi cha ku America. Kubweretsa vidiyo ya kunja n'kuwaonetsa osamva a kuno n'kutaya nthawi yawo.

Mayi wina wa mumpingo mwathu ali ndi mwana wamkazi wosamva, wamkulu ndithu, wa pabanja. Atakhala ndi pakati, ulendo uliwonse wa ku sikelo mayiyo ankapita naye kuti azikamasulira. Taganizani, mafunso onse achinsinsi amene nesi amafunsa mzimayi, ankadutsa mwa amayi ake omubereka. Tsiku lobereka, usiku, amayiwo anauzidwa kuti adikire panja. Mkati munalibe amene akanamuuza mtsikanayo ndi manja kuti tsopano kankha, kapena kuti mwana ali bwino. Anabereka ali ndi mantha osaneneka. Anesi awiri okha pa kiliniki iliyonse atadziwa zizindikiro zoyambira za manja, zoterezi zingachepe kwambiri.

Kwa ife a makolo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique palinso vuto la zitupa. Mvula ikakuona litsiro siikata. Wolumala wopanda chitupa kapena setifiketi ya kubadwa amavutika kupeza thandizo la boma, kaya la fizi ya sukulu kudzera mu BEAM, ndondomeko yolipirira ana ovutika, kaya la kuchipatala. Ndime 43 ya malamulo a 2013 imati wobadwira muno malamulowo asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo woyenda chokwawa sangathe kukaima pamzere kuyambira m'bandakucha. Maphunziro a ufulu wa olumala amene sakhudza za zitupa atisiya ife panja.

Inu amene mumagwira ntchito m'mabungwe, ndikudziwa ena mumawerenga pano, ndikukupemphani chinthu chimodzi. Mukamalemba bajeti ya chaka chamawa, chotsaniko tsiku limodzi la ku hotelo. Ndalama yakeyo mubwereke holo ya tchalitchi ku Mabvuku, muitane mahwindi, anesi ndi agogo olera ana, ndipo bambo wosoka nsapato uja kapena wina ngati iye mumulipire kuti aphunzitse. Mukafuna wokuthandizani kuitana anthu ndi kumasulira m'Chichewa, ndilembereni ku inbox, Loweruka ndimakhala ndilipo.