Kuphunzirira kuthengo ndi nkhani ya foni: Denmark, Norway ndi Sweden sachita mofanana

Denmark, Norway ndi Sweden ndi mayiko oyandikana moti anthu ake amatha kumvana aliyense akuyankhula chiyankhulo chakwawo. Onse atatu anayamba kalekale kutulutsa ana m'kalasi kuti akaphunzirire panja, ndipo zaka zaposachedwapa onse ayamba kuchotsa mafoni m'manja mwa ophunzira. Poyang'anira patali mungati akuyenda njira imodzi. Koma mphunzitsi amene akufuna kuti mwana akhale pansi, asinkhesinkhe zimene waona ndiponso momwe iye mwini wachitira, aona msanga kuti njira zitatuzi sizibala zipatso zofanana. Lamulo la foni si limene likuzisiyanitsa kwenikweni. Kusiyana kwagona pa kuti ana amatuluka kangati, amakhalako nthawi yotalika bwanji, ndipo chipangizocho chimatuluka m'chikwama pa nthawi iti.

Ku Denmark kuli chimene amachitcha udeskole, kutanthauza sukulu ya panja. Mphunzitsi yemweyo wa masamu kapena chiyankhulo amatenga kalasi yake tsiku limodzi pa sabata, kapena kamodzi pa masabata awiri, n'kukaphunzitsira kunkhalango, kugombe kapena m'paki. Boma silikakamiza, zimadalira mphunzitsi ndi mkulu wa sukuluyo, ngakhale kuti kusintha kwa maphunziro kwa 2014 kunapereka mphamvu ku ntchitoyi polamula kuti ana azisuntha thupi mphindi 45 pa tsiku. Dzikoli ndi la minda, nkhalango n'zochepa, pafupifupi 15 peresenti ya nthaka. M'nkhalango zomwe si za boma mumaloledwa kuyenda m'njira zokha, kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kuchepa kwa malowa kumachititsa kuti kalasi izibwerera pamalo amodzimodzi chaka chonse, ndipo ife timaona kuti pamenepa ndi pamene pali mphamvu ya njira ya ku Denmark. Mwana amene wakhala pansi pa mtengo womwewo mu September masamba ali obiriwira, mu November atayoyoka, ndi mu April akuphukanso, amakhala ndi poyerekezera. Akatsegula kope lake amapeza zimene analemba miyezi inayi yapitayo, n'kudziona yekha kuti nthawi ija ankaopa kukhala chete, pano sakuopanso. Ulendo umodzi sungapereke zimenezi.

Norway inatenga njira ya kukhalitsa. Lamulo la 1957 lotchedwa Friluftsloven limalola aliyense kuyenda ndi kugona m'tchire losalimidwa, bola tenti ikhale mamita 150 kuchokera panyumba yokhalamo anthu. Kuyambira 2019 khonsolo iliyonse iyenera kupereka kwa ana a sukulu ulendo waulere wogona kunja mausiku atatu otsatizana kapena kuposerapo, umene ambiri amautcha leirskole. Mausiku atatuwo ndi ofunika. Tsiku loyamba limathera pa kupukwa kwawo ndi kupapasa m'thumba mopanda foni. Lachiwiri ana amatopa, amakangana pa za amene atsuke mapoto, ndipo pamenepo m'pamene pamabadwa zinthu zenizeni zoti mwana azilingalire madzulo: chifukwa chiyani ndinamukalipira mnzanga, chifukwa chiyani ndinasiya ena akunyamula nkhuni. Vuto lake n'lakuti lamuloli limangofuna ulendo umodzi pa zaka khumi za sukulu yoyamba. Sukulu zambiri za ku Norway zimatulutsanso ana aang'ono sabata ndi sabata, koma kumene sizitero, zonse zimene mwana anazindikira pa masiku anayi aja zimazilala msanga, poti palibe pobwerera. (Wokonza ulendo kumeneko akumbukirenso kuti kuyatsa moto m'nkhalango kapena pafupi nayo n'koletsedwa kuyambira pa 15 April mpaka pa 15 September, choncho kucheza kozungulira moto kuyenera kuchitikira pamalo ovomerezeka.)

Sweden ili ndi nkhalango zokuta pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dzikolo, ndipo ufulu woyenda m'thengo, allemansrätten, unalowa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1994. Ana aang'ono akhala akuphunzira zachilengedwe kudzera mwa Skogsmulle, kamunthu ka m'nthano kamene a Gösta Frohm anakayambitsa mu 1957, ndipo sukulu za mkaka za I Ur och Skur, zimene ana amakhala panja kaya kugwe mvula kaya kuwale dzuwa, zinayamba mu 1985. Koma ana akakula, moyo wa panja umalowa m'phunziro la masewera ndi umoyo, lomwe limapatsidwa magiredi. Apa ndi pamene Sweden imatayira zina. Mwana amene akudziwa kuti akuyesedwa amaganiza za giredi, saganiza za iye mwini. Komabe pa nkhani ya kaphatikizidwe ka chipangizo ndi chilengedwe, phunziro lawo la kupeza njira ndi mapu ndi kampasi ndi limene lili ndi chotiphunzitsa kuposa ena awiriwo.

Kachitidwe kabwino ka phunziroli ndi aka. Ana amapita awiriawiri ndi mapu a pepala ndi kampasi kukafuna zizindikiro zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Foni kapena wotchi ya GPS imaikidwa pansi pa chikwama, itayatsidwa kuti izilemba njira, koma saiona. Akabwerako, asanaone chilichonse pa sikirini, aliyense amajambula ndi pensulo pamapu njira imene akukhulupirira kuti anadutsa, n'kuika kadontho pamene anayamba kukayika. Kenako m'pamene mphunzitsi amaonetsa mzere wa GPS. Pamene mizere iwiriyi yasiyana ndi pamene pali phunziro: mwana amaona kuti anasochera mamita 200 asanavomereze kuti wasochera, ndipo funso loti "unadziwa liti, nanga unamuuza liti mnzako?" limakhala ndi yankho lenileni. Mukawapatsa GPS m'manja kuyambira pachiyambi, amangotsatira kadontho ka buluu maso ali pansi, ndipo phiri limene adutsa saliona n'komwe.

Pa malamulo a foni atatuwa akuyandikirana. Ku Sweden nduna ya sukulu ya panthawiyo a Lotta Edholm anaimitsa mu 2023 ndondomeko yopititsa patsogolo zipangizo zamakono m'sukulu, boma n'kuika ndalama ku mabuku osindikizidwa. Ku Norway nthambi ya boma yoona za maphunziro inalangiza mu February 2024 kuti mafoni asalowe m'kalasi. Ku Denmark nduna ya maphunziro ya panthawiyo a Mattias Tesfaye analengeza mu February 2025 kuti boma likufuna kuletsa mafoni m'sukulu zoyamba za boma zotchedwa folkeskole. Koma za ku Norway ndi Denmark zikunena za foni ya mwana. Tabuleti ya sukulu ndi foni ya mphunzitsi zimapitabe kuthengo, ndipo zolakwika zambiri zimachokera pamenepo.

Cholakwika choyamba ndi mapulogalamu otchula mayina a zomera ndi tizilombo, monga Seek, iNaturalist kapena Artsorakel ya ku Norway. Ndi abwino, koma amayankha mwana asanafunse. Akangoloza kamera, dzina latuluka, chidwi chathera pomwepo. Konzani kuti mwana ayambe wajambula tsamba m'kope, awerenge timitsempha take, alembe fungo lake ndi dzina lomwe akuganiza, kenako gulu lifunse pulogalamu. Tabuleti imodzi ikwanira ana anayi kapena asanu. Ikhale yotseka intaneti ngati pulogalamuyo ikulola, ndipo mapu akhale atakoperedwa kale kusukulu, popeza netiweki m'zigwa siidalirika. Cholakwika chachiwiri ndi kamera yopanda malire. Ana amajambula zithunzi 80 zopanda tanthauzo, theka lake nkhope zawo. Aloleni zithunzi zitatu pa gulu, zopanda nkhope ya munthu (izi zimapewetsanso mavuto a lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu, GDPR), ndipo chilichonse chikhale ndi chiganizo chimodzi chonena chifukwa chimene anachisankhira. Mkangano wosankha zitatuzo ndi waphindu kuposa zithunzizo.

Pakati pa phunziro pakhale nthawi imene chipangizo chilichonse chili m'chikwama cha mphunzitsi. Mwana aliyense amasankha malo ake okhala, mamita 10 mpaka 15 kuchokera kwa mnzake, pomwe mphunzitsi akumuona. Ana a zaka 6 mpaka 8 ayambe ndi mphindi zitatu kapena zisanu, a zaka 13 kupita m'tsogolo amatha kufika mphindi 15 kapena 20 pakapita milungu ingapo. Mukayamba ndi mphindi 20 tsiku loyamba, adzaponyerana timitengo ndipo ntchito yonse idzasanduka chilango. Aliyense akhale ndi kamphasa kokhalira, chifukwa mwana amene wanyowa kumatako saganiza china koma kunyowako. Alembe ndi pensulo. Bolopeni imakana pa pepala lonyowa ndipo imauma kukazizira. Kuzizira komweko kumapha batire, foni yosonyeza 40 peresenti itha kuzima mwadzidzidzi, choncho foni ya mphunzitsi yoimbira pangozi ikhale m'thumba lam'kati, pafupi ndi thupi, ndipo isagwiritsidwe ntchito yojambula.

Mafunso ndi amene amalephereka kawirikawiri. "Wamva bwanji lero?" amayankha "bwino" basi. Funso ligwire chinthu chimene chachitika: ndi phokoso liti unayamba kulimva utakhala kale chete kwakanthawi, ndi pa nthawi iti unafuna kunyamuka, n'chiyani chasintha pamalo ako kuchokera ulendo watha. Mafunso awiri akwanira. Kwa mwana amene kulemba kumamuvuta, kujambula mawu ake kwa mphindi imodzi pa tabuleti ya sukulu ali yekha kumathandiza kwambiri, ndipo apa chipangizo chimachita ntchito imene pepala silingathe.

Tikayeza zonsezi, kubwerezabwereza kwa ku Denmark ndi kumene timakuika patsogolo, ngakhale malo ake ndi aang'ono ndipo nthawi zina phokoso la galimoto limamveka. Ulendo wa mausiku atatu wa ku Norway umapindula kwambiri ukakhala ndi potsamira, kutanthauza kuti ana anazolowera kale kukhala chete ndi kope asanapite, ndipo adzabwerera kumalo awo a sabata ndi sabata akabwerako. Pa ulendo wotere makolo ndi amene amavutika ndi kusowa kwa foni kuposa ana. Apatseni nambala imodzi ya mphunzitsi ndi ola limodzi la madzulo lomwe uthenga wa kalasi yonse udzatumizidwa, chifukwa kulankhula ndi mayi usiku woyamba kumawonjezera kupukwa m'malo mokuchepetsa.

Kope losinkhasinkha lisapatsidwe giredi, ndipo apa tikutsutsana ndi chizolowezi cha kuyesa chilichonse. Ana akadziwa kuti mphunzitsi awerenga, amalemba zomusangalatsa, zoti chilengedwe n'chokongola ndipo aphunzira kugwirizana. Njira yothandiza ndi kugawa tsamba pawiri. Kumanzere kukhale zimene waona, zoyezeka, zomwe mphunzitsi angawerenge ndi kukonza. Kumanja kukhale za mwini wake, ndipo ali ndi ufulu wopinda mbaliyo kuti isaoneke. Auzeni pachiyambi pomwe kuti ngati wina walemba zosonyeza kuti ali pangozi ndipo akufuna thandizo, asiye tsambalo losapinda.