Kalata yanga yagwera ku spam

Makampani a intaneti awa akuti amatiteteza ku spam, maimelo achabechabe omwe sitinawapemphe, koma ine zanditopetsa. Makina awo amayang'ana adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa kompyuta pa intaneti) ya wotumiza, malinki ndi mawu okayikitsa. Wina amene muli naye pa seva imodzi (kompyuta yomwe imatumiza maimelo anu) akatumiza zinyalala, seva yonse imalowa pa mndandanda wa oletsedwa, nonse mwapsa. Sabata yatha ndinatumiza imelo yofunsira ntchito, CV ili momwemo. Ndinadikira mpaka tsiku lotseka linadutsa. Nditaimba foni, mayi wa ku ofesiyo akuti, "Pepani achimwene, taipeza mu foda ya spam." Chonsecho uthenga woti ndapambana madola 2 miliyoni umafika bwinobwino m'mawa uliwonse, ine ngakhale tikiti ya lotale sindinagulepo!