Hanimuni ya Amalawi awiri mu Lusaka, ndi zimene inandionetsa pa maukwati athu

Mwana wa achemwali anga, amene anakulira ku Mchinji ndipo pano amagwira ntchito ku Lilongwe, anandiimbira foni kutatsala sabata ziwiri kuti amange ukwati. "Amayi aang'ono, hanimuni yathu tikubwera kwanuko ku Lusaka." Ndinalulutira ndili ndekha m'khitchini. Tsiku lomwelo ndinakonza chipinda cha alendo, ndinauza azimayi anzanga a kuno ku Chilenje kuti adzaone mpongozi wanga, ndipo nkhuku yoti idzaphedwe ndinaisankhiratu. Patapita masiku atatu anaimbanso, mawu ali pansipansi: "Amayi, musakhumudwe, malo ogona tapeza kale ku Kabulonga. Kwanuko tidzafika tsiku lomaliza." Zinandiwawa, sindibisa. Mwana wako abwere mumzinda wako n'kukagona kwa eni, anthu akamva ati chiyani?

Ife ndife Achewa a ku Katete. Malire anangodutsa pakati pa banja lathu: achemwali anakwatiwa tsidya lija, ine ndinatsata abambo a kunyumba kuno. Mfumu yathu ndi imodzi, Kalonga Gawa Undi, ndipo pa Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti timagwada pabwalo limodzi. Koma pa nkhani ya maukwati a m'tauni, Lilongwe ndi Lusaka zinasiyana njira kalekale.

Ukwati wa anawa ndinakhalapo. Chinkhoswe chinali chitachitika kale, ankhoswe atapatsana tambala ndi thadzi monga mwa mwambo. Chimene chinanditenga mtima ndi perekaniperekani. Woyendetsa mwambo amaitana magulu limodzi ndi limodzi: akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, a kuntchito, amene anaphunzira nawo sukulu. Aliyense amavina akuponya ndalama m'lichero, kwinaku atsikana atakhala patebulo akuwerenga ndi kusinthira anthu ndalama zing'onozing'ono kuti aziponya nthawi yaitali. Mwambowu umatalika mpaka miyendo kuwawa, ndipo wosauka amachita manyazi dzina la gulu lake likamveka, zimenezo n'zoona. Koma dzuwa likamalowa, mkwati ndi mkwatibwi amatuluka muholo ali ndi kanthu m'manja. Ambiri amene ndikuwadziwa amalowera nako kunyanja, ku Senga Bay ku Salima, ku Mangochi kapena ku Cape Maclear, ena amakwera phiri la Zomba kukapuma ku Ku Chawe. Hanimuni ya Mmalawi ndi yokhala pansi: mchenga, chambo chowotcha, tulo.

Kuno kwathu mphamvu zonse timathera kumayambiriro. Lusaka ndi mphika wa mitundu yonse, ndiye ngakhale ife a kum'mawa tinatengera miyambo ya anzathu. Pali malowolo. Pali alangizi amene amakhala ndi mtsikana masiku angapo. Pali chilanga mulilo, pamene azimayi amasenza miphika ndi mbale zokulunga m'zitenje, ng'oma zikulira, kupita nazo kwa mwamuna kuti aone zakudya za kwawo kwa mkazi. Kenako kitchen party, zitenje zofanana za komiti, ndiye pomaliza ukwati weniweniwo. Chilangizo chathu ndimachinyadira, ndipo pamenepa sindigonja kwa aliyense: mtsikana wa kuno amalowa m'banja ataphunzitsidwa mofatsa ndi akulu. Koma ndaona ndi maso anga ana ambiri akufika Loweruka la ukwati ali ndi ngongole kale. Mukawafunsa za hanimuni amati, "Tidzapita ku Livingstone zinthu zikadzakhala bwino." Mathithi a Mosi-oa-Tunya ali pamtunda wosafika makilomita 500 kuchokera kuno, Siavonga ndi nyanja ya Kariba zili pafupi kuposa pamenepo, koma chaka chimatha, mwana woyamba amabadwa, ulendo uja n'kufera pakamwa. Pamenepa Amalawi anatiposa: khamu lawo limawasiyira ndalama, lathu limawathera.

Anawa anakwera basi ku Lilongwe. Pa malire a Mwami anadinditsa mapasipoti m'nyumba imodzi, poti kuyambira mu Disembala 2022 maofesi a maiko awiriwa anawaphatikiza, ndipo viza safunsa. Kuchoka pa Chipata kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kudutsa kwathu ku Katete, Petauke, Nyimba, n'kutsetsereka mapiri mpaka pa mlatho wa Luangwa pomwe azimayi amagulitsa nsomba zouma. Chinawadabwitsa poyamba ndi ndalama. Tonse timati kwacha, ife ndi ngwee zathu kuyambira 1968, iwo ndi matambala awo kuyambira 1971, koma ife tinachotsa maziro atatu mu 2013, ndipo yawo inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mpongozi wanga akuti mtolo wa perekaniperekani umene unkadzaza chikwama chake, atausintha unangokhala timapepala tokwana m'thumba la malaya a mwamuna wake, mpaka anafuna kulira. Choncho ulendo wakunja suli wotchipa kwa Mmalawi. Anachita kuwerengera tsiku lililonse.

Tsiku lomaliza anabweradi. Mpongozi anagwada pakhomo, chitenje m'chiuno, ndipo titadya nkhuku ija anayamba kundionetsa zithunzi pafoni. Anapita ku Lusaka National Museum n'kujambulitsa pa Freedom Statue, munthu uja wodula maunyolo. Anapita ku Embassy Park, ndipo mnyamatayo anakhudzidwa kuona atsogoleri asanu atagona malo amodzi: Mwanawasa, Chiluba, Sata, Kaunda ndi Rupiah Banda. Anati kwawo Kamuzu ali ku Lilongwe, Bingu ali ku Ndata ku Thyolo, ndipo wofuna kuona manda onse awiri ayende tsiku lathunthu. Ku Kabwata Cultural Village anagula kambale kosema. Ku Thornpark anadya matebeto (zakudya zamakolo zosiyanasiyana), nsima ndi ifisashi (masamba otendera) ndi kapenta, ndipo chikanda (chinaka chophika ndi nsinjiro) anachikonda atachikayikira kaye.

Kenako ndinaona chithunzi cha kanyumba kakang'ono ndi Land Rover yakale pabwalo. Chilenje House 394, momwe Kaunda ankakhala kuyambira 1960 mpaka 1962 akumenyera ufulu. Kuchoka pamenepo kufika pakhomo panga ndi ulendo wapansi. Ndinawayang'ana. "Munafika pano Lachitatu osandigogodera?" Mnyamatayo anazyolika. Amene anayankha ndi mkazi wake, mwaulemu koma mosaopa: "Amayi, mutikhululukire. Chitomerereni sitinakhalepo awiriwiri tsiku lathunthu. Ku Salima tikanakumana ndi a kuntchito kapena a kumpingo. Kuno aliyense akutimva, koma palibe akutidziwa."

Mawu amenewo akhala nane mpaka lero. Akanapita ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam akanakhala alendo osowa pogwira. Mu Lusaka amakwera minibasi pa Kulima Tower n'kufunsa njira m'chilankhulo chawo, kondakitala n'kuwayankha m'Chinyanja chathu cha m'tauni, cha "manje" ndi "nifuna" ndi "manzi". Anasokonezeka kamodzi kokha, wogulitsa zitenje ku Kamwala atawauza kuti katundu wina afika "mailo", iwo osadziwa kuti kuno liwu limenelo ndi dzulo komanso mawa. Anayenda mu Cairo Road atagwirana manja kuyambira ku positi ofesi mpaka pa Findeco House, zimene mtsikanayo akuti ku Lilongwe sangayerekeze, kuopa kuti azakhali a winawake amuona.

Ine ukwati wanga unachitika Loweruka. Lamulungu tambala woyamba asanalire ndinali nditagwira kale tsache pabwalo la apongozi, kenako kutereka madzi osamba a alamu anga. Palibe anandizunza, unali mwambo, ndipo ndinauchita ndi mtima wonse. Koma ndikaganiza bwino, ine ndi abambo a kunyumba tinayamba kucheza patokha ana atakula kale. Chipinda chija ndinakonza, ndi azimayi aja ndinaitana, zikanamubwezera mtsikanayu patsache lomwelo: akanadzuka m'mamawa kundiphikira tiyi, akanagwadira mlendo aliyense, ndipo Lusaka akanamuonera pawindo la khitchini yanga. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kameneka kanandimeta ine.

Mwana wanga wamkazi akukwatiwa chaka chamawa. Ndauza kale a komiti kuti alangizi adzakhalapo, chilanga mulilo chidzakhalapo, koma zitenje zofanana tisiye, ndipo ndalama yake tiike padera kuti awiriwo adzakwere basi ya kum'mawa akaone nyanja ya Malawi. Azakhali ake awiri sanagwirizane nazo, tikukambiranabe.

Anawo ndinawaperekeza ku Intercity kusanache, oitanira mabasi akukanganirana zikwama. Mpongozi anali atakulunga chikanda m'pepala kuti akapatse amayi ake, ndipo basi itayamba kuyenda anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Amayi, tizaonana manje manje!"