Anyamata a m'makola a mahatchi ku Joni kuno, mwatani kodi?

Loweruka lapitali ndaonerera hatchi ikufa pa pulazi yoyandikana ndi yathu, chakuno ku Kyalami. Yamphongo, yazaka zisanu, yonenepa bwino. M'mawa inangonyanyala chakudya, masana kupuma mobanika, dzuwa lisanalowe thovu lili tuu m'mphuno, basi khu! pansi. Eni dziko amati dunkop, ndiye kuti matenda a mahatchi a African horse sickness akalowa m'mapapo. Woisamala ndi mwana wakwathu, wandevu zake ndithu. Nditalowa m'chipinda chosungira zishalo ndinapeza botolo la mankhwala oingitsa tizilombo lili pa shelefu, lodzaza, fumbi lili mbuu. Ndikuti, "Iwe, ili unalitsegula liti?" Iye n'kumangokanda mutu.

Ino ndi Malichi, anthuni. Ndani anagwirapo ntchito m'khola ku Gauteng ngakhale chaka chimodzi amene sadziwa kuti mvula ikagwa, kuyambira Febuluwale mpaka chisanu choyamba, ndi nyengo ya African horse sickness, matenda ofalitsidwa ndi tizilombo touluka toluma? Nanga mahatchi akutani kubusa 6 koloko madzulo, inu muli pansi pa mtengo, maso pa foni, kubetcha mpira?

Ndamva zodzikhululukira zanu zonse. Wina akuti, "Ndinapopera, madala." Liti? Dzulo 9 koloko m'mawa. Hatchi yathamanga, yatuluka thukuta, mwaisambitsa ndi payipi, ndiye mankhwala a dzulo akhalepobe? Tizilomboti timaluma dzuwa likamalowa, usiku wonse mpaka mbandakucha. Inu mukupopera nthawi imene tagona. Mukuingitsa chiyani, mphepo?

Wina akuti saona ntchentche iliyonse. Uiona bwanji? Kanthuka, Culicoides, n'kochepa kuposa udzudzu, kamadutsa ndi pa neti yomwe timagonamo ija. Ukudikira kabwere kakupatse moni?

Ndiye pali akatswiri a katemera. "Inabayidwa, sivuta." Katemera wa ku Onderstepoort, kumene amapanga akatemera a ziweto, ndi mabotolo awiri, kusiyanitsa masabata osachepera atatu, pakati pa Juni ndi Okutobala. Lachiwirilo munaliona ndi maso anu? Ndipo ngakhale atabaya onse awiri, kachilombo koyambitsa matendawa kali mitundu 9, ndipo mahatchi obayidwa ena amadwalabe. Katemera si chithumwa.

Amene andipsetsa mtima kwambiri ndi awa osakaniza zawozawo. Mankhwala okhala ndi DEET bwana wagula, a cypermethrin olembedwa kuti ndi a mahatchi alipo, koma munthu akukatunga dibi wa ng'ombe wa amitraz chifukwa akuti "ndi wamphamvu". Wamphamvu zedi: amaimitsa matumbo a hatchi, kenako mukuimbira dokotala wa ziweto pakati pa usiku. Wina ndinamupeza akupaka oyilo wakuda wa thirakitala pamimba pa hatchi, akuti kumudzi amatero pa zilonda za ng'ombe. Kumudziko n'kulakwa kale, ndiye mwakweza kulakwako pa basi mpaka kuno? Pamimba, m'miyendo ndi kuseri kwa makutu, pamene payenera kufika mankhwala enieni, ndi pamene mumadumpha poopa kuwerama.

Mpopi wa pa chomwera ukudontha chiyambire Khirisimasi, pansi pali matope osakanizika ndi ndowe, ndiye chiswero cha tizilombo toluma tija chimenecho. Shedi neti ya pa mawindo inang'ambika, palibe wasoka. Mafani ali zii. Choyezera kutentha kwa thupi chinasowa kalekale, pamene mumayenera kuyeza m'mawa ndi madzulo.

Ku Cape mu 1854 ndi 1855 anafa mahatchi pafupifupi 70,000. Anthu a nthawi imeneyo ankati chimapha ndi mame a usiku, komabe ankatsekera mahatchi m'khola kusanade. Iwo osakadziwa kachilombo ankatseka. Inu mukukadziwa ndi dzina lomwe, mukusiya panja. Matendawa alibe mankhwala ochiza, ndipo akalowa m'mapapo, pa mahatchi 10 aliwonse opulumuka mwina ndi imodzi.

Bwana uja alira sabata imodzi, agula ina. Mnyamata uja Lolemba ananyamula chikwama, ntchito yatha, kachipinda kapita, ana ku Mzimba akudikira fizi. Ndipo mawa Mmalawi wina akagogoda pa geti limenelo amuyankha chiyani? Dzina limene tinavutikira ife zaka zonsezi, loti Mmalawi amadziwa kusamala hatchi, mukuligulitsa ndi botolo losatsegula.

Ikani foni pansi, 4 koloko yakwana. Kalowetseni mahatchiwo, mupopere.