Kaundula ameneyu tikumufuna

Mwalemba zoona kuti dziko lililonse lizikhala ndi kaundula wa ana a cerebral palsy, kulumala kobwera chifukwa cha kuwonongeka kwa ubongo, komwe kumaumitsa minofu mpaka nthawi zina kugulula chiuno. Ku Sweden anayamba wawo, CPUP, mu 1994. Mwana amamuyeza pafupipafupi, kumujambula m'chiuno, zonse n'kulembedwa malo amodzi. Fupa likangoyamba kusuntha amaliona msanga, ndipo ana oguluka chiuno anachepa kwambiri.

Mwana wanga ali ndi vutoli, ali ndi zaka 7, sanalire atabadwa. Mbiri yake yonse ili m'kabuku kakuchipatala kamene kananyowa ndi mvula mpaka masamba ena kumatana. Dokotala akakhala watsopano ndimafotokoza kuyambira pachiyambi, mwana ali kumsana, mwendo wauma gwa. Ana otere kwathu kuno alipo ambiri, ena chifukwa cha malungo a muubongo. Akuluakulu azaumoyo, chonde yambani kuwalemba, ngakhale m'boma limodzi kaye.